Nyenyezi yofiirira ya mu Orion: kodi ikusinthadi kawalidwe, kapena ndi maso anga?

Mlonda wa Usiku:

Akuluakulu, moni nonse. Ine ntchito yanga ndi yausiku, choncho kumwamba ndimakuyang'ana nthawi yaitali kuposa anthu ambiri, ndipo pali chinthu chimene chakhala chikundiimitsa mutu.

Mukulidziwa gulu la nyenyezi lija lili ndi zitatu zondondozana pakati pake, limene m'mabuku amalitchula kuti Orion. Mbali imodzi ya zitatuzo kuli nyenyezi yoyera mopita ku buluu, Rigel. Mbali inayo kuli ina yofiirira, Betelgeuse. Nkhani yanga ili pa yofiirirayo. Ndaona kuti kuwala kwake sikukhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Sindikunena za kuphethiraphethira kumene nyenyezi zonse zimachita ayi. Ndikunena kuti nyengo ina imatsala pang'ono kulingana ndi Rigel, nyengo ina Rigel amaisiya kutali. Kumayambiriro kwa 2020 inazilala mpaka inkafanana ndi Bellatrix, inzake yapafupi ija imene nthawi zonse imachepa kwa iyo. Gulu lonse linkaoneka lachilendo.

Nditafotokozera mwana wanga, anandionetsa vidiyo pafoni yonena kuti nyenyeziyi ndi yaikulu moti itakhala pamene pali dzuwa ingameze dziko lathu, ndiponso kuti yatsala pang'ono kuphulika, mwinanso inaphulika kale koma uthenga sunatifike. Zimenezi zandisiya ndi mafunso. Kadontho kamene ndimakabisa ndi nsonga ya chala, munthu angakayeze bwanji kukula kwake ali pansi pano? Nanga kusintha kumene ndimaonaku n'kwenikweni? Ngati n'kwenikweni, kodi ndiye chizindikiro cha kuphulikako? Amene munaphunzira zimenezi, ndifotokozereni pang'onopang'ono.

Mphunzitsi Wopuma:

Achimwene, maso anu ali bwinobwino. Zimene mwaonazo anazionanso John Herschel kuyambira mu 1836, ndipo kwa zaka zingapo ankalemba kuti nthawi ina Betelgeuse yaposa Rigel, nthawi ina yatsika. Iye ankachita zomwe mukuchita inuzo, kuiyerekeza ndi zinzake ndi maso basi.

Chimene chimachitika n'chakuti nyenyeziyi imafufuma kenako n'kuphwa. Mpweya wa kunja kwake ukapanikizika umatsekereza kutentha kochokera mkati, kutenthako kumaukankhira kunja, ukatanuka n'kuzizirako umalola kutentha kudutsa, kenako mphamvu yokoka imaubwezanso. Ulendo umodzi wotero umatenga masiku pafupifupi 400. Pamwamba pa umenewo pali kusintha kwina kochedwa, kwa masiku pafupifupi 2,100, zaka pafupifupi 6. Ndiye pali chachitatu chosatsata ndondomeko iliyonse. Padzuwa lathu mpweya wotentha umakwera m'timagawo mamiliyoni, kalikonse kotalika makilomita pafupifupi 1,000, moti kena kakazilala kena kakuwala ndipo ife sitiona kusiyana. Pa Betelgeuse zigawo zoterozi n'zowerengeka koma zikuluzikulu zedi, chimodzi chikhoza kutenga mbali yaikulu ya nkhope yonse ya nyenyeziyo. Martin Schwarzschild ananeneratu zimenezi mu 1975 powerengera chabe, ndipo zithunzi za pambuyo pake zinaonetsadi mawanga aakulu otentha. Chigawo chimodzi chikakwera kapena kumira, kuwala kwa nyenyezi yonse kumasintha.

Tsopano za kayezedwe, funso limene ine ndalikonda kwambiri. Betelgeuse ndi nyenyezi yoyamba, kupatula dzuwa, imene anthu anayeza m'lifupi mwake. Anachita zimenezi Albert Michelson ndi Francis Pease mu Disembala 1920 ku Mount Wilson, ku California. Telesikopu yawo inali ndi galasi la mamita 2.5, ndipo ngakhale imeneyo inkaona kadontho chabe. Ndiye anaika chitsulo chachitali mamita 6 pakamwa pa telesikopuyo, n'kumangirirapo magalasi ang'onoang'ono otha kusuntha. Kuwala kwa nyenyezi imodzi kukadutsa njira ziwiri n'kukakumana, kumapanga timizere towala ndi takuda tosinthanasinthana. Nyenyezi ikakhala kadontho kenikeni, timizereto sititha ngakhale mutalikitse magalasi. Koma ikakhala ndi m'lifupi, kuwala kwa m'mphepete imodzi ndi kwa m'mphepete inayo kumayamba kufufutana, ndipo pa mtunda winawake timizere timasowa. Iwo anasuntha magalasi mpaka anatalikirana mamita pafupifupi 3, timizere tinazimiririka, ndipo kuchokera pamenepo anawerengera kuti kumwambaku nyenyeziyi ndi yopapatiza kuposa mwezi wathunthu kuwirikiza pafupifupi ka 40,000. Kamenekatu n'kakang'ono, koma pakati pa nyenyezi za usiku n'zowerengeka zokha zimene zimaoneka zazikulu chonchi. Mu 1995 telesikopu ya Hubble inajambula nkhope yake yeniyeniyo.

Apa ndiye pali povuta. Kudziwa mmene chinthu chikuonekera kukula sikukuuzani makilomita ake mpaka mutadziwa kuti chili kutali bwanji. Njira yodalirika yoyezera mtunda ndi imene mungaiyese panopa: tambasulani mkono, imikani chala, tsinzinani diso limodzi kenako linalo. Chala chimaoneka ngati chadumpha. Dziko lathu limatipatsa maso awiri oterowo, chifukwa mu Januwale limakhala mbali imodzi ya dzuwa ndipo mu Julayi mbali inayo, ndiye nyenyezi yapafupi imadumpha pang'ono poiyerekeza ndi zakutali. Koma kudumpha kwa Betelgeuse n'kochepa kuposa nkhope yake yomwe, kangapo konse, ndipo nkhopeyo ili ndi mawanga oyendayenda amene amasuntha pakati pa kuwala kwake. Setilaiti ya Hipparcos inapereka poyamba mtunda umene kuwala kungayende zaka pafupifupi 430. Atawerengeranso zomwezo mu 2007 anapeza zaka pafupifupi 500. Ena atawonjezera zimene anayeza ndi matelesikopu a mafunde a wailesi anafika pa 640, kenako kupitirira 700. Gulu la Meridith Joyce mu 2020 linadzera njira ina, ya kafufumidwe ka nyenyeziyo, n'kupeza pafupifupi 550. Setilaiti ya Gaia, imene yayeza nyenyezi zoposa biliyoni imodzi, pa iyi siinathandize chifukwa Betelgeuse imawala mopitirira zimene zipangizo zake zinakonzedwera.

N'chifukwa chake mukawerenga malo atatu mupeza manambala atatu. Palibe amene akunama. Mtunda ukasintha, kukula, kuwala ndi kulemera zonse zimasintha nawo limodzi. Tikatenga mtunda wa zaka 550 uja, m'lifupi mwake ndi waukulu kuposa wa dzuwa kuwirikiza ka 750 kapena kuposerapo pang'ono, makilomita opitirira biliyoni imodzi. Kuwala, kumene kumachoka padzuwa kufika kuno m'mphindi 8, kungatenge pafupifupi ola lathunthu kudutsa nyenyeziyi kuchoka mbali ina kufika mbali inayo. Itakhala pamene pali dzuwa, Mercury, Venus, dziko lathu ndi Mars zonse zingakhale mkati mwake, Jupiter n'kutsala kunja. Pamenepa vidiyo ija sinaname.

Chimene mavidiyo sakonda kunena, koma ine ndimaona kuti ndiye chodabwitsa chenicheni, ndi kulemera kwake. Malo amene yatenga angakwane madzuwa mamiliyoni oposa 400, koma polemera imangoposa dzuwa ka 15 mpaka ka 20. Mukagawa kulemera kumeneku pa malo onsewo, mupeza kuti mpweya wake ndi wopyapyala kuposa umene tikupumawu kuwirikiza ka masauzande ambiri. Zolemera zenizeni zili m'kati mwenimweni, pamalo aang'ono othinana. Kwina konseko ndi mpweya wotanuka wopanda malire enieni, umene umangopyapyala pang'ono ndi pang'ono mpaka kusanduka mphepo yothawira kutali. N'chifukwa chakenso kukula kwake kumasiyana malinga ndi mtundu wa kuwala umene mwayezera.

Kufiira kwake kukuchokera pa kuzizira. Kunja kwa dzuwa kumatentha madigiri pafupifupi 5,500, kwa Rigel kupitirira 11,000, pomwe kwa Betelgeuse ndi cha m'ma 3,300. Kachigawo kalikonse ka nkhope yake kamawala mochepa kuposa kachigawo kofanana nako ka dzuwa, koma nkhopeyo ndi yaikulu moti mphamvu yonse imene imatulutsa ndi yoposa ya dzuwa kuwirikiza pafupifupi ka 100,000. Yambiri mwa mphamvuyo imatuluka ngati kutentha kosaoneka ndi maso, ndipo zimene inu mumaona ndi kagawo kochepa chabe.

Za 2020 ndisiyira ena, ndalemba zambiri kale.

Nangozo:

Aphunzitsi afotokoza bwino, ine nditenge za 2020 chifukwa nyengo imeneyo ndinkaitsata kwambiri.

Bambo Mlonda, poiyerekeza ndi Bellatrix munalasa ndithu. Owerengera nyenyezi ali ndi mlingo wa kawalidwe umene nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti nyenyezi ikuwala kwambiri. Rigel ali pa 0.1, Procyon pa 0.4, Aldebaran pa 0.9, Bellatrix pa 1.6. Betelgeuse nthawi zambiri imakhala cha pa 0.5. Inayamba kutsika mu Okutobala 2019, ndipo pofika mu Febuluwale 2020 inali pa 1.6, kutanthauza kuti kunatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Chiyambire kuiyeza ndi zipangizo zamakono inali isanatsikepo chonchi. Pofika mu Epulo inali itabwerera.

Chimene chinachitika chinadziwika pophatikiza zimene magulu osiyana anaona. Gulu la Andrea Dupree linkaiyang'ana ndi Hubble, ndipo linaona kuti kuyambira mu Seputembala mpaka Novembala 2019 mpweya wotentha wochuluka unkathamangira kunja kuchokera ku mbali ya kum'mwera kwa nyenyeziyo. Gulu la Miguel Montargès linaijambula ndi Very Large Telescope ku Chile mu Disembala 2019, Januwale 2020 ndi Malichi 2020, ndipo poyerekeza ndi chithunzi cha Januwale 2019 zinaoneka poyera kuti sinazilale yonse. Mbali ya kum'mwera ndi imene inada bii, mbali inayo ikuwalabe. Ndiye nkhani yake ili motere: nyenyezi inalavula mpweya wambiri, pansi pake panazizira, mpweya uja utazizira unaundana n'kukhala fumbi, ndipo fumbilo linakhala pakati pa ife ndi iyo. Munthu woiyang'ana kuchokera mbali ina ya mlalang'amba mwina sakanaona chilichonse. Umboni wina unachokera kosayembekezeka: ophunzira a ku Japan anapeza kuti setilaiti yoona za nyengo ya Himawari-8, pojambula dziko lapansi, inkajambulanso Betelgeuse m'mphepete mwa zithunzi zake kwa zaka zingapo, ndipo zimene anapezamo zinasonyeza kuti kuzizira ndi fumbi zonse zinathandizira.

Kulavula kumeneku kunaisokoneza. Pambuyo pake kafufumidwe kake kanafupika, kuchoka pa masiku 400 kufika pafupifupi 200, ndipo chapakati pa 2023 inawala kuposa mmene imachitira nthawi zonse.

Popeza mumakhala maso usiku, ndikupemphani kuti muzilemba zimene mukuona. Iyerekezeni ndi Procyon ndi Aldebaran, osati Rigel yekha, chifukwa nthawi zambiri imakhala pakati pa ziwirizo, ndipo Aldebaran ndi wofiirira ngati iyo, ndiye diso silipusitsika ndi mtundu. Musaiyang'anitsitse nthawi yaitali, nyenyezi yofiira imaoneka ngati ikuwonjezera kuwala mukaitong'olera maso. Ingoponyani diso mwachidule uku ndi uku. Chinanso, dikirani zonse zikwere m'mwamba, chifukwa nyenyezi ikakhala pafupi ndi pamene thambo lakumana ndi dziko kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka n'kuchepa. Mukatero lembani tsiku, nthawi ndi nambala imene mwaipatsa. Bungwe la AAVSO, limene linayamba mu 1911, limalandira zolemba zotere kuchokera kwa anthu wamba, ndipo mbiri ya kawalidwe ka Betelgeuse ya zaka zoposa 100 inamangidwa kwambiri ndi maso a anthu ngati inu.

Mlonda wa Usiku:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo amayi. Za magalasi osuntha zija ndaziwerenga mofatsa ndipo ndazimva. Procyon ndimamudziwa, Aldebaran ndimufufuza.

Koma pa za kuphulika simunandiyankhe. Ngati nyenyezi yafika polavula zidutswa zake mpaka kudziphimba ndi fumbi, kwa ine zikumveka ngati chinthu chimene chili kumapeto. Ndipo ngati kuwala kumene ndikuona kunanyamuka zaka 500 kapena 700 zapitazo, tingadziwe bwanji kuti ilipobe? Ikadzaphulika, ife kuno tidzakhala bwanji?

Mphunzitsi Wopuma:

Achimwene, kumapeto ili ndithu, koma mapeto a nyenyezi ndi aatali.

Dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo lili pakati pa moyo wake. Betelgeuse ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha ndipo yakalamba kale. Chifukwa chake n'chakuti kulemera kumapanikiza pakati pa nyenyezi, pakatipo pamatentha kwambiri, ndipo zimene imayaka nazo zimatha msanga. Inali ndi haidrojeni wochuluka kuposa wa dzuwa ka 15 kapena 20, koma imamumaliza mofulumira kuwirikiza ka masauzande ambiri. Haidrojeni wa pakati atatha, pakatipo panafinyika, kunja kunafufuma, ndiye n'kukhala chimphona chofiira chimene mukuonachi.

Akatswiri ambiri amaona kuti panopa ikusandutsa heliamu kukhala kaboni ndi okosijeni. Gawo limenelo limatenga zaka masauzande mazanamazana, ndipo n'chifukwa chake amati kuphulika kungachitike m'zaka pafupifupi 100,000 zikubwerazi. Heliamu akatha zinthu zimathamanga modabwitsa. Kaboni amayaka kwa zaka mazana angapo kapena chikwi, neoni kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo pang'ono, okosijeni kwa miyezi, silikoni kwa masiku owerengeka. Mapeto ake ndi chitsulo, ndipo kuphatikiza chitsulo sikutulutsa mphamvu, kumadya mphamvu. Pakati pachitsulopo pakalemera kupitirira dzuwa pang'ono, pamagwa m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi, kuchoka pa kukula ngati dziko lathu kufika pa mpira wa makilomita makumi ochepa. Kugwa kumeneko ndi kumene kumaphulitsa zotsala zonse. Ndiye supernova imeneyo.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: zonsezi zimachitikira pakati, pamene diso kapena telesikopu iliyonse siifika. Zimene ife timaona ndi khungu lakunja, lotalikirana ndi pakatipo makilomita mamiliyoni mazanamazana. Khungulo lili ndi zochitika zakezake, kufufuma, kuphwa, kulavula fumbi, ndipo zimphona zofiira zimachita zimenezi kwa zaka masauzande ambiri. Betelgeuse yazunguliridwa ndi mpweya ndi fumbi zimene inataya kalekale. Fumbi la 2020 likutiphunzitsa mmene nyenyezi zotere zimatayira thupi lawo, koma silikutiuza kuti pakati pafika pati.

Zoti mwina inaphulika kale, m'mawu n'zotheka, koma tawerengerani. Kuwala kuli m'njira kwa zaka 500 mpaka 700 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe nthawi yotsala ndi ya zaka 100,000. Mwayi woti kuphulikako kunagwera m'kagawo kameneko sufika 1 pa 100. Ine ndimaiona kuti ilipo.

Ikadzaphulika sidzativulaza. Supernova imaopsa dziko ikakhala pa mtunda wa zaka makumi angapo za ulendo wa kuwala, pomwe iyi ili kutali kuwirikiza kakhumi. Chimene anthu a nthawi imeneyo adzaone ndi kadontho kowala ngati mwezi wa theka kwa miyezi ingapo, kooneka masana, kochititsa zithunzithunzi usiku. Kenako kadzazilala, ndipo patapita zaka zochepa pamalopo sipadzaonekanso kanthu ndi maso. M'mlalang'amba wathu, yomaliza imene anthu anaiona ndi maso inali ya mu 1604, imene Johannes Kepler anaitsata. Ya mu 1054, imene akatswiri a ku China analemba, inaoneka masana kwa masiku 23, chikhalirecho inali kutali kuposa Betelgeuse pafupifupi kakhumi.

Chenjezo lidzakhalapo, koma silidzabwera ndi kuwala. Pakati pakagwa pamatuluka tizinthu totchedwa neutrino, timene timadutsa m'thupi la nyenyezi ngati mulibe kanthu, pomwe kuphulika kwenikweniko kumafunika maola ambiri kuti kuboole mpaka kunja. Mu Febuluwale 1987, nyenyezi itaphulika mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, pa mtunda wa zaka 168,000 za ulendo wa kuwala, makina a pansi pa nthaka ku Japan, ku America ndi ku Soviet Union anagwira tizinthu timeneti pafupifupi 24, maola ochepa kuwala kusanaoneke. Kwa Betelgeuse, imene ili pafupi kwambiri ndiponso yofufuma, tidzabwera tochuluka zedi, ndipo mpata wake udzakhala wautali, mwina tsiku lathunthu.

Wophunzira wa Sayansi:

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, zaka 100,000 zimenezo si onse amene amazivomereza. Mu 2023 Hideyuki Saio ndi anzake ananena kuti kusintha kwa masiku 2,100 kuja nakonso ndi kufufuma kwa nyenyezi yonse. Ngati zili choncho, nyenyeziyi iyenera kukhala yaikulu kuposa mmene mwanenera, kupitirira dzuwa ka 1,200, ndipo ili kale kumapeto kwa kuyaka kwa kaboni. Pamenepo ndiye kuti kwatsala zaka mazana ochepa, mwinanso makumi. Ine ndimaona kuti a Mlonda ayenera kumva mbali imeneyinso.

Komanso pali umboni wa mtundu wina umene ukugwirizana ndi inu. Ralph Neuhäuser wa ku Jena, ku Germany, ndi anzake mu 2022 anafufuza zimene anthu akale analemba za mitundu ya nyenyezi. Sima Qian wa ku China, cha m'ma 100 BC, posankha nyenyezi zoimira mitundu, anatenga Sirius kukhala chitsanzo cha yoyera, Antares cha yofiira, Bellatrix cha yabuluu, ndipo Betelgeuse anaitenga kukhala chitsanzo cha yachikasu. Hyginus wa ku Roma nayenso anaifanizira ndi mtundu wa Saturn. Ngati zaka 2,000 zapitazo inali yachikasu, ndiye kuti yangofiira kumene, ndipo ikadali ndi ulendo wautali. Mfundo ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi. Inu mumaziona bwanji?

Mphunzitsi Wopuma:

Mwanawe, wachita bwino kuzibweretsa zonse ziwiri.

Za zolemba zakale ndimazikonda, koma ndimazigwira mosamala. Ptolemy, cha m'ma 150 AD, anaika Betelgeuse pagulu la nyenyezi zofiirira, ndipo pagulu lomwelo anaikaponso Sirius, imene aliyense amaiona kuti ndi yoyera mbee. Mawu a mitundu sayenda mofanana m'zinenero ndi m'mibadwo. Chimene chimapatsa mphamvu umboni wa Sima Qian n'chakuti iye anaika Antares ndi Betelgeuse m'magulu awiri osiyana, pomwe lero ziwirizi zimafanana kwambiri. Munthu wodziwa kumwamba ngati iye sakanazisiyanitsa popanda chifukwa.

Pa za Saio, vuto lake lalikulu ndi kukula. Nkhope ya nyenyeziyi yayezedwa kambirimbiri kuyambira 1920, ndipo kuti ifike poposa dzuwa ka 1,200 pamafunika mtunda wautali kuposa umene ambiri amapeza. Akatswiri ena anatsutsa mfundoyi pa chifukwa chomwechi chaka chomwecho.

Ndiye pabweranso china chimene chikufooketsa maziko ake. Mu 2024 magulu awiri, lina la Jared Goldberg lina la Morgan MacLeod, payekhapayekha anafika pa mfundo yoti kusintha kwa masiku 2,100 sikufufuma ayi, koma kuti pali kanyenyezi kakang'ono kozungulira Betelgeuse pafupi kwambiri, m'kati mwa mpweya wake wakunja, kamene kamasokoneza fumbi pamene kakudutsa. Anawerengeranso nthawi imene kadzaonekere patali kwambiri ndi chimphonacho. Mu Julayi 2025 gulu la Steve Howell linalengeza kuti linaona kadontho kozilala pamalo amene ankayembekezerawo, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Gemini North ku Hawaii. Akuti kamalemera pafupifupi dzuwa limodzi ndi theka. Chithunzicho n'chofooka, ndipo eni ake ananena okha kuti pakufunika kuonanso. Mpata wina wabwino ndi mu Novembala 2027, kakadzatulukiranso mbali inayo. Kakadzaoneka pamalo oyenera pa nthawi yoyenera, kusintha kwa zaka 6 kudzakhala kwapeza mwini wake, ndipo mfundo ya Saio idzatsala yopanda poimira. Ine ndili kumbali ya zaka masauzande ambiri, koma 2027 ndikuidikira ndi mtima wonse.

Nangozo:

Bambo Mlonda, Aldebaran mumupeza motere: tsatirani mzere wa nyenyezi zitatu zija. Mbali imodzi mzerewo umakufikitsani pa Sirius, yowala kuposa zonse. Mbali inayo umadutsa pafupi ndi nyenyezi yofiirira imene ili pansonga ya kagulu kooneka ngati chilembo cha V. Ameneyo ndiye Aldebaran. Madzulo gulu lonseli limaoneka bwino kuyambira Disembala mpaka Malichi. Cha mu Juni limakhala pafupi ndi dzuwa ndipo silioneka, koma kuyambira mu Ogasiti limatuluka kum'mawa mbandakucha. Miyezi imeneyo oiyang'ana amachepa chifukwa ambiri amakhala ali m'tulo, choncho zolemba za munthu amene amakhala maso nthawi imeneyo zimafunika kwambiri.